Mafilimu a pa msika wa masheya: amatichenjeza kapena amatikopa?

Limbani: Madzulo abwino nonse. Ndaoneranso The Wolf of Wall Street ndipo mtima sunakhale m'malo. Filimuyi ndi ya maola atatu, koma anthu oberedwa ndalama sitiwaona nkhope. Timangomva mawu patelefoni munthu akuvomera kugula, kwinaku anyamata mu ofesi akumuseka ndi manja. Chonsecho nkhaniyi inachitikadi. Jordan Belfort alipo mpaka lero, kampani yake ya Stratton Oakmont inali ku Long Island mpaka pamene inatsekedwa mu 1996, ndipo khoti linamulamula kubweza madola 110 miliyoni kwa anthu amene anawadyera ndalama. Kundende anakhalako miyezi 22 basi. Ndiye ndikufunseni: mukamaliza kuonera mafilimu otere, mumanyansidwa nawo anthuwa kapena mumawasirira?

Kondwani: Achimwene Limbani, Martin Scorsese, amene anatsogolera filimuyi, si mbusa kuti azitilalikira. Ntchito yake inali kutionetsa mmene mbavazo zinkadzionera zokha. Munthu wa maganizo otero saona nkhope ya amene akumubera, n'chifukwa chake ifenso sitikuiona.

Chisomo: Ine ndinaisiyira pakati. Zamanyazi zinandichulukira, sindikanatha kuonera ana ali m'nyumba.

Kondwani: Mukanapirira mpaka kumapeto, achemwali. Belfort atatuluka kundende akukaphunzitsa anthu luso la malonda ku Auckland, holo yodzaza. Kamera imamusiya iyeyo n'kuloza anthu amene akhala pamipando, onse maso ali pa iye, akufunitsitsa atakhala ngati iye. Anthu amenewo ndi ifeyo oonerafe. Kudzudzula koposa pamenepo ndi kuti?

Limbani: Ndikumva, koma miniti imodzi yakumapeto ingafafanize maola atatu a maboti, magalimoto ndi maphwando? Komanso amene akumuitanira Leonardo DiCaprio, wosewera ngati Belfort, kutsogolo mu holomo ndi Belfort weniweniyo. Anamugula buku, n'kumupatsanso mbali mu filimu.

Bambo Chirwa: Ana anga, ndaona mwayamba nkhani yokoma. Ndinapuma pantchito ya akaunti, ndiye zimenezi zimandikhudza. Chimene chimandidandaulitsa pa filimu imeneyo n'chakuti nthawi imene Belfort wayamba kulongosola mmene kubako kunkayendera, amadukiza yekha n'kunena kuti oonera sizikuwakhudza. Koma ndi pamene pagona nkhani. Iwo ankayamba agula mwakachetechete masheya ambiri a timakampani tosadziwika, kawirikawiri m'maina a anzawo. Kenako anyamata mazanamazana ankakhala pamafoni kukakamiza anthu kugula masheya omwewo. Ogula akachuluka mtengo umakwera. Ukakwera, Belfort ndi anzake ankagulitsa awo onse. Kasitomala akafuna kugulitsa ake ankamunyengerera kuti adikire, mpaka mtengo kugwa iye ali nawo m'manja. Umo ndi mmene anachitira ndi masheya a kampani ya nsapato ya Steve Madden, ndipo mwini wakeyo nayenso anakalowa kundende. Munthu wodziwa zimenezi sangapusitsidwe ndi foni ya mlendo. Wongoona maphwando aja watuluka chimanjamanja.

Mayi a Tamanda: Zikomo bambo. Ndiwonjezere ichi. Kampani imene inapereka ndalama zopangira filimuyi, Red Granite Pictures, mmodzi mwa eni ake anali Riza Aziz, mwana wopeza wa Najib Razak amene anali nduna yaikulu ya Malaysia. Boma la America linati ndalamazo zinachokera ku thumba la boma la Malaysia la 1MDB, limene linabedwa koopsa, ndipo kampaniyo inavomera kulipira madola 60 miliyoni kuti nkhani ithe. Ndalama zimene zikanathandiza anthu wamba a ku Malaysia ndi zimene akuti zinalipira maphwando tikuwaonera aja.

Limbani: Izi ndiye sindinkazidziwa, mayi. Zandiwawa.

Yamikani: Moni kuchokera kuno ku Leeds. Funso la Limbani si lachilendo. Wall Street ya Oliver Stone inatuluka mu December 1987, patangopita miyezi iwiri msika wa ku New York utagwa ndi 22.6 peresenti tsiku limodzi, pa 19 October. Stone anali mwana wa munthu wogulitsa masheya, ndipo cholinga chake chinali kudzudzula umbombo. Gordon Gekko anamuumba ngati munthu woipa, wofuna kugula kampani ya ndege ya Bluestar kuti aiphwasule n'kugulitsa zidutswa, antchito apite kwawo. Michael Douglas, amene anasewera Gekko, anapata mphoto ya Oscar. Koma chotsatira chake, achinyamata ambiri anakalowa ntchito imeneyi chifukwa chosirira Gekko, ndipo Douglas wakhala akudandaula za zimenezi. Mu 2012 anafika pojambula uthenga wa FBI wochenjeza anthu za kugula masheya pogwiritsa ntchito zinsinsi za mkati mwa kampani.

Kondwani: Ndiye wolakwa ndi Stone kapena oonerawo?

Yamikani: Sindikuti Stone analakwa dala. Ndikuti kamera ikamukonda munthu, oonera amamukondanso. Gekko ndi amene anapatsidwa mawu okoma, suti yabwino, ofesi yaikulu. Bambo ake a Bud Fox (mnyamata wophunzira ntchito kwa Gekko), amene akuimira chilungamo, ndi munthu wokonza ndege wotopa amene pakati pa filimu akugona m'chipatala. Mnyamata wa zaka 20 asankha kukhala uti? Onerani Boiler Room ya 2000. Muli malo pamene anyamata ogulitsa masheya achinyengo asonkhana m'nyumba yopanda mipando yokwanira, akuonera Wall Street pa TV n'kumalankhulira limodzi ndi Gekko mawu onse pamtima.

Mayi a Tamanda: Boiler Room imeneyo ndi imene ingamuyankhe Limbani. Mmenemo woberedwa timamuona. Bambo wina wapabanja, dzina lake Harry, anaika ndalama zimene iye ndi mkazi wake ankasunga kuti agule nyumba. Timamuona akuimba foni mawu akunjenjemera kuti agulitse, mnyamata uja n'kumunyengerera kuti awonjezere zina. Timaona mkangano wa kunyumba, mkazi akutenga ana n'kuchoka. Nditaona pamenepo ndinazimitsa kaye.

Thoko: Ndafika mochedwa, ndinali pantchito. Kuno ku Joni zithunzi za DiCaprio atanyamula galasi kapena akumwaza madola ndi zimene anyamata a forex, malonda ogula ndi kugulitsa ndalama za maiko osiyanasiyana, amaika pa status poitana anthu kuti alowe magulu awo. Msuweni wanga anatumiza ndalama zake kwa munthu wina wa gulu lotere, amene ankalonjeza kuti zizibereka mlungu ndi mlungu. Poyamba anamupatsako pang'ono, iye n'kuwonjezera zambiri, tsiku lina kudzuka gulu lafufutidwa, nambala siikupezeka. Ndiye amene akuti mafilimuwa sakopa anthu abwere adzaone.

Kondwani: Pepani za msuweni wanu, achemwali. Koma tisasakanize. Ine ndimachita forex ndi ndalama zanga, pa foni yanga, sindiitana munthu. Wakuba adzagwiritsa ntchito chithunzi chilichonse, ngakhale vesi la m'Baibulo.

Thoko: Sindinanene inuyo, achimwene. Ndikungonena zimene ndikuona.

Chisomo: Wina andithandize The Big Short. Ndinaikonda koma sindinamvetse kuti munthu amapindula bwanji zinthu zikamagwa mtengo.

Bambo Chirwa: Mwana wanga, tiyerekeze chonchi. Mu February chimanga chili pamtengo wokwera, inu mwabwereka thumba limodzi kwa mnzanu, mwagwirizana kuti mudzabweza thumba, osati ndalama. Mwaligulitsa tsiku lomwelo. Pofika May anthu akolola, mtengo watsika, mwagula thumba lina motchipa n'kubweza kwa mwini wake. Yotsala m'thumba mwanu ndi phindu. Koma mvula ikavuta chimanga n'kukwera kawiri, thumba lija mudzaligula ndithu pa mtengo umenewo, chifukwa mwini wake akulifuna. Pa masheya amachita zomwezo, ndipo amati short. Kuopsa kwake n'kwakuti mtengo ulibe malire pokwera.

Yamikani: Zoona bambo. Kungoti mu The Big Short njira yake inali ina pang'ono. Michael Burry, amene Christian Bale akusewera, anali dokotala amene anasiya zachipatala n'kuyambitsa kampani yoyendetsa ndalama za anthu, Scion Capital. Mabanki a ku America ankatenga ngongole za nyumba zikwizikwi, kuzimanga mtolo umodzi, n'kugulitsa mtolowo kwa ofuna chiwongoladzanja. Aliyense ankakhulupirira kuti anthu sangalephere kulipira nyumba onse nthawi imodzi. Burry anakhala pansi n'kuwerenga ngongolezo imodziimodzi. Anapeza kuti zambiri zinaperekedwa kwa anthu opanda ndalama zokwanira, pa chiwongoladzanja chotsika zaka ziwiri zoyambirira chimene chidzalumphe pambuyo pake. Mu 2005 anapita ku mabanki akuluakulu kukagula chinthu chonga inshuwalansi pa mitolo imeneyo, credit default swap. Ankalipira mwezi ndi mwezi, ndipo mitoloyo ikagwa mabanki amulipire zambiri. Kwa zaka pafupifupi ziwiri ankangotulutsa ndalama, eni ndalama akumutukwana n'kumafuna zawo, mpaka anawatsekera kuti asatapeko. Mu 2007 zinthu zinayamba kugwa monga ananenera.

Chisomo: Apa ndiye ndamva. Zikomo nonse awiri.

Limbani: The Big Short ndiyabwino, sindikukana. Koma taonaninso, ngwazi zake ndi anthu amene analemera chifukwa anzawo analandidwa nyumba. Timawachemerera kuti apambane, pamene kupambana kwawo kukutanthauza kuti mabanja mamiliyoni agone panja.

Mayi a Tamanda: Filimuyo ikudziwa zimenezo, Limbani. Kumbukirani ku Las Vegas, anyamata awiri amene nawonso anagula inshuwalansi ija atachita mwayi akuvina potuluka, Brad Pitt n'kuwakalipira kuti asiye, akuwakumbutsa kuti akapambana ndiye kuti anthu ataya ntchito, nyumba ndi penshoni. Koma pamene panandikhudza ine ndi ku Florida. Anyamata a Mark Baum, winanso wobetcha kuti mitolo ija igwa, akuyenda m'mudzi wa nyumba zatsopano, misewu ili zii, makalata aunjikana pakhomo, m'dziwe losambiramo muli ng'ona. Agogoda pa nyumba ina, watuluka bambo ndi mwana wake. Iyeyo ndi walendi, amalipira mokhulupirika mwezi uliwonse, koma mwini nyumba anatenga ngongole m'dzina la galu wake ndipo anasiya kalekale kubweza. Bambo uja akufunsa ngati asamutsidwe, popeza mwana wangoyamba kumene sukulu. Chakumapeto timawaonanso banja lomwelo likukhala m'galimoto. Munthu amene sanagulepo sheya ngakhale imodzi.

Thoko: Ndipo pa zonse zija, wa banki amene anamangidwa ku America ndi mmodzi, eti?

Yamikani: Filimuyo imatchula mmodzi, Kareem Serageldin wa Credit Suisse, amene anagamulidwa miyezi 30. Akuluakulu a mabanki anapita kwawo ndi mabonasi awo, boma n'kupulumutsa mabankiwo ndi ndalama za misonkho.

Yamikani: Koma kwa ine filimu yoposa zonse ndi Margin Call ya 2011, ndipo ndikufuna ndiikambe bwinobwino. Mulibe maphwando, mulibe maboti. Ndi usiku umodzi ndi tsiku limodzi mu banki ina ya ku New York yosatchulidwa dzina. Wolemba ndi kuitsogolera, J.C. Chandor, bambo ake anagwira ntchito zaka zambiri ku Merrill Lynch, ndipo zikuoneka kuti ankawadziwa anthu amenewa. Imayamba ndi kuchotsa anthu ntchito. Stanley Tucci, mkulu woona za chiopsezo amene wagwira zaka 19, amuitanira m'kachipinda, amupatsa kabuku ka malangizo a moyo watsopano, mlonda n'kumuperekeza kukatenga katundu wake m'katoni. Asanafike n'komwe pamsewu foni yake aidula kale. Pa chikepe akupatsira mnyamata wake flash, n'kumuuza kuti asamale. Mnyamatayo, amene anaphunzira sayansi ya maroketi, akumalizitsa masamu usiku womwewo n'kupeza kuti katundu amene banki yasunga akangotsika mtengo ndi 25 peresenti, chitayiko chiposa mtengo wa banki yonse. Kuyambira pamenepo nkhani ikungokwera, bwana kuitana bwana wake, ndipo aliyense wapamwamba akupempha kuti amufotokozere mosavuta chifukwa manambalawo sawamva. Mpaka mkulu wa banki yonse, Jeremy Irons, kutera pa helikopita pakati pa usiku. Chigamulo chake: kukacha agulitse zonse, akudziwa bwino lomwe kuti n'zopanda pake, kwa makasitomala amene akhala nawo zaka ndi zaka.

Bambo Chirwa: Imeneyo ndinaionera, mwana wanga Yamikani. Chimene chinandiopsa n'chakuti mulibe munthu wooneka woipa. Onse ndi aulemu, ovala bwino, ena akumva chisoni ndithu. Kevin Spacey, bwana wa anyamata ogulitsa, akukana, akuti tikatero palibe adzatikhulupirirenso, koma m'mawa ndi iye yemwe akuimirira pamaso pa anyamata ake kuwauza kuti aliyense akagulitsa 93 peresenti ya katundu wake alandira madola 1.4 miliyoni. Pomaliza akuti ndisiya ntchito, kenako akuvomera kukhala chifukwa akufuna ndalama. Zoipa zambiri zimene ndinaziona m'maofesi zinkachitika motero, anthu abwinobwino kusainira chinthu chifukwa ana ali pasukulu.

Kondwani: Koma tinene zoona, akanapanda kugulitsa iwo, wina akanayamba ndipo iwo ndi amene akanamira. Banki ya Lehman Brothers inachedwa, inagwa pa 15 September 2008. Ogulawo sanali agogo akumudzi, anali mabanki anzawo odziwa masamu.

Limbani: Nanga ndalama za m'mabanki anzawowo ndi za ndani, achimwene? Si penshoni za aphunzitsi ndi anamwino?

Kondwani: Zina, inde. Komabe amene wakhala pampando umenewo ali ndi antchito ake zikwi amene akuyang'ana kwa iye. Sindikuti anachita bwino, ndikuti filimuyo ndiyabwino chifukwa siikupatsa yankho lophweka.

Yamikani: Pamenepo tagwirizana.

Mayi a Tamanda: Za masewero a pa TV bwanji? Bambo a kunyumba kuno anamaliza Billions yonse, zigawo zisanu ndi ziwiri.

Thoko: Billions inayamba bwino mu 2016, Paul Giamatti loya wa boma kusakasaka Damian Lewis, mponda matiki wa malonda a masheya. Koma pakati inasanduka mpikisano wa amuna awiri odzikonda, zamasheya zinangokhala zokongoletsa. Ine ndimakonda Industry. Ana ongomaliza kumene yunivesite akulimbirana malo mu banki ya ku London, ndipo olemba ake awiri anagwirapo ntchito m'mabanki. Gawo loyamba lomwe, mnyamata wina amene ankagona mu ofesi, kumwa mapiritsi kuti asagone, akupezeka atafa m'chimbudzi cha pantchito. Banki ikudera nkhawa mbiri yake kuposa mwanayo. Kungoti zamanyazi ndi zambiri, a Chisomo musayerekeze.

Chisomo: Ndamva, ndiitalikira.

Bambo Chirwa: Mundilole ndibweze nkhani m'mbuyo pang'ono. Aliyense wogwira ntchito yokhudza ndalama aonere Rogue Trader ya 1999. Monga filimu si yapamwamba kwenikweni, koma nkhani yake ndi sukulu. Barings inali banki yakale kwambiri ku London, yoyamba mu 1762, ndipo ngakhale Mfumukazi inkasungitsako ndalama. Anatumiza mnyamata Nick Leeson ku Singapore, n'kumupatsa maudindo awiri: iye ndiye wamkulu wa ochita malonda pamsika, iye yemweyo ndiye woyang'anira ofesi yolemba ndi kutsimikiza malondawo. Wogwira ndalama ndi wolemba buku kukhala munthu mmodzi, lamulo loyamba la akaunti limakana. Anatsegula akaunti ya nambala 88888 n'kumabisamo zotayika, ku London n'kumatumiza malipoti a phindu lokhalokha. Mabwana ankangomutumizira ndalama zina osafunsa kuti phindu lotere likuchokera kuti, poti nawonso mabonasi awo ankadalira iye. Anabetcha kuti msika wa ku Japan sugwedezeka, ndiye pa 17 January 1995 chivomezi chinagwedeza mzinda wa Kobe, msika n'kugwa. M'malo moima, anawonjezera kugula kuti aubweze yekha. Pofika kumapeto kwa February dzenje linali mapaundi 827 miliyoni. Banki ya zaka zoposa 230 inagulitsidwa kwa banki ya ku Netherlands ya ING pa paundi imodzi. Leeson anagamulidwa zaka zisanu ndi chimodzi ndi theka ku Singapore. Filimuyo inachokera m'buku lake lomwe, choncho imamuchitira chifundo, koma pa za mabwana osafuna kufunsa mafunso inanena zoona.

Limbani: Mwaona bambo, apanso wolemba nkhani ndi wolakwayo. Belfort buku lake, Leeson buku lake. Oberedwa salemba mabuku ogulidwa ndi Hollywood.

Thoko: Si zonse. Kuno kuli Steinheist ya pa Showmax, ya 2022, yofotokoza kugwa kwa kampani yaikulu ya masitolo ya Steinhoff. Si sewero, ndi zochitika zenizeni, atolankhani ndi anthu amene anali pafupi akulankhula okha. Mu December 2017 mkulu wake Markus Jooste anatula pansi udindo owerengera mabuku atakana kusainira, ndipo masheya anagwa ndi pafupifupi 90 peresenti m'masiku ochepa. Thumba la penshoni la ogwira ntchito m'boma kuno linali ndi masheya ambiri mmenemo. Masitolo a Pep amene tonsefe timagulako zovala za ana anali pansi pa gulu lomwelo. Jooste anamwalira mu March 2024 asanaimepo pa mlandu m'khoti.

Kondwani: Ndiye onerani Dumb Money ya 2023 mupepukidwe mtima. Pamenepo anthu wamba ndi amene anathira m'madzi akuluakulu. January 2021, makampani akuluakulu anali atachita short masheya a GameStop, kampani yogulitsa masewera a pa kompyuta, monga anafotokozera a Chirwa. Keith Gill, munthu wamba wojambula mavidiyo m'chipinda chapansi kunyumba kwake, ndi anthu a pa tsamba la mchezo la pa intaneti la Reddit ankagula osagulitsa. Sheya imene kumayambiriro kwa mwezi inali pansi pa madola 20 inafika 483 pa 28 January. Aja obwereka anakakamizika kugula pa mtengo wamisala. Imodzi mwa makampaniwo, Melvin Capital, inataya mabiliyoni ndipo inatsekedwa mu 2022.

Yamikani: Koma tsiku lomwelo la 28 Robinhood, app ya pafoni imene ambiri ankagulira masheyawo, inatseka batani logulira, kusiya logulitsira, mtengo n'kugwa. Ndipo ambiri amene analowa mochedwa atamva kwa anzawo anagula pamwamba. Ngakhale mu filimumo, namwino uja wa America Ferrera anagwiritsitsa masheya ake mtengo ukutsika, phindu limene ankaliona pafoni n'kusungunuka. Amene analowa msanga anadya, otsatira analipira.

Kondwani: Komabe kamodzi kokha akuluakulu analawa zimene amadyetsa ena.

Mayi a Tamanda: Ine chimene ndimadandaula n'chakuti ana asukulu amaganiza kuti msika wa masheya ndi kukuwa ndi mafoni awiri m'makutu. Nditagula masheya a Airtel Malawi pamene ankalowa pamsika mu 2020, pa K12.69 imodzi, ndinangolemba fomu, kupereka chiphaso, kulipira ku banki, basi. Kenako kudikira dividend, gawo la phindu limene kampani imagawira eni masheya. Panalibe wokuwa.

Bambo Chirwa: Ndi mmene ziyenera kukhalira, mayi. Msika wathu wa ku Blantyre ndi waung'ono, kampani yoyamba kulowapo inali NICO mu 1996, ndipo mpaka pano makampani sakwana 20. Zambiri zimene mukuona m'mafilimuzi, monga ma swap a Burry, kuno anthu wamba sitizichita. Koma mtima wofuna kulemera lero lomwe ndi womwewo, ndipo umapita kumene a Thoko anena kuja. Munthu asanapereke ndalama afunse ngati wolandirayo ali ndi chilolezo cha Reserve Bank.

Chisomo: Mwatchula za ku America ndi ku Ulaya zokhazokha. Palibe amene anaonera Scam 1992? Ndi ya ku India, ya 2020, magawo khumi, ndipo mungaonere ndi banja. Ikukamba za Harshad Mehta, amene anachokera m'banja wamba n'kufika pokhala mfumu ya msika wa ku Bombay. Pratik Gandhi anasewera mochititsa chidwi moti umayamba kumukonda munthuyo, ndiye a Limbani mudzadandaulanso. Koma seweroli lili ndi ngwazi ina, mtolankhani Sucheta Dalal wa Times of India, mzimayi amene anaulula nkhaniyi mu April 1992 aliyense akumupembedza Mehta. Ndipo silithawa kufotokoza. Mabanki ankabwerekana ndalama kwa masiku ochepa pogulitsana zikalata za ngongole za boma, broker, mkhalapakati wa malonda monga Mehta, ali pakati. M'malo mopereka zikalata zenizenizo ankangopatsana lisiti yolonjeza kuti zilipo. Mehta ankalandira cheke m'dzina lake, ndalamazo n'kukagulira masheya, ndipo mabanki ena ang'onoang'ono ankamulembera malisiti opanda chikalata chilichonse kumbuyo. Masheya a kampani ya simenti ya ACC anachoka pa ma rupee 200 kufika pafupifupi 9,000. Anthu wamba ankangogula chilichonse chimene wagula iye. Zitaululika msika unagwa, mabanja ambiri anasaukiratu, ndipo seweroli limaonetsa wina wodzipha. Mehta anamwalira mu 2001 ali m'manja mwa boma, milandu yambiri isanathe.

Limbani: Imeneyo ndiifuna. Ngati wofufuza ali ndi malo ofanana ndi wakubayo, ndiye ina.

Thoko: Ili m'chinenero chanji?

Chisomo: Chihindi, koma mawu achingerezi amalembedwa pansi.

Bambo Chirwa: Mwana wanga Chisomo, funso langa ndi la ntchito yanga yakale. Anagwidwa bwanji? Alipo amene anakhala pansi kufananitsa mabuku, kapena zinangoululika mwangozi?

Chisomo: Kufananitsa mabuku komweko, bambo. Buku la State Bank of India linkati ali ndi zikalata za boma zochuluka mwakuti, pamene kaundula wa ku banki yaikulu ya dzikolo, amene nthawi imeneyo ankalembedwa pamanja, ankasonyeza zochepa. Kusiyana kwake kunali pafupifupi ma rupee 5 biliyoni. Akuluakulu a banki anamuitana Mehta mwakachetechete kuti abweze, iye n'kuyamba kuthamangathamanga kusaka ndalama kwina kuti atseke dzenjelo. Mu sewerolo, wantchito wina wa bankiyo amene ankadziwa zimenezi ndi amene akupita ku ofesi ya nyuzipepala, thukuta lili kamukamu, kukanong'oneza Sucheta Dalal. Gawo loyamba likuyambira pomwepo.

Bambo Chirwa: Ndiye mdzukulu wanga akabwera Loweruka andiikire pa TV. Ndikufuna ndione kuti kaundula wa pamanjayo ankatenga masiku angati asanamufananitse ndi mabuku a mabanki, chifukwa mpata wakubawo unali pamenepo.